Galimoto Yachiwiri ya Elifala

Elifala, mwana wa mlongo wanga, anabadwa ndi mutu ngati dzungu ndi miyendo ya udzudzu. Azamba atamunyamula anapukusa mutu n'kunena kuti uyu adzakhala kalaliki basi, timanja totere khasu sitingaligwire. Sananame. Sukulu anakaphunzira ku Mvera kwa amishoni, kumene anamuphunzitsa kulemba zilembo zoongoka ngati mizere ya fodya. Chaka chimene dziko linalandira ufulu anapeza ntchito pa Boma ku Dowa, mu ofesi ina yotayipa makalata ndi kudinda zidindo. Makalata amene mphwangayu anatayipa pa moyo wake, mutawayala pansi, angafike ku Salima n'kubwerako, otsalawo n'kufolera tchalitchi.

Mkazi anakampeza cha ku Chezi, m'mudzi wina wobisala kuseri kwa mapiri, tsidya lina la mtsinje kuchokera kwathu. Dzina lake Kezia, wamtali, wa m'kwaya, wosakonda zolongolola. Koma akati atsegule pakamwa, mawu ake ankalasa ngati chisonga. Nkhoswe ya ukwatiwo ndinali ine. Elifala anakakhala komweko chikamwini, ndipo patatha zaka ziwiri anandituma kuti ndikapemphe chitengwa, akakhale ndi mkazi wake m'nyumba ya ogwira ntchito pa Boma. Apongozi ake, aNambewe, anandimvetsera mpaka kumaliza, manja ali pa lichero la mtedza.

"Mwana wamkazi ndili naye mmodzi yekhayu," anatero. "Munda uwu adzalima ndani? Mukawauze aphwanuwo kuti Boma silisamuka. Azipita m'mawa, azibwera madzulo."

Munthu wa kuchigwa sangamve kuwawa kwa mawu amenewa. Kwathu kuno nkhuku ikaikira dzira pabwalo, umakalitola ku Mvera. Mbuzi zimadya udzu zitagwira buleki. Elifala anapalasa njinga zaka zisanu, kapena ndinene kuti njinga ndiyo inamupalasa iye, pakuti theka la ulendo ankainyamula paphewa. Ankafika ku ofesi tayi ili kumsana, shati itanyowa yoti n'kufinyira m'dimba mpiru n'kumera.

Mu 1975 mmwenye wina wa sitolo, amene ankasamukira ku Lilongwe, anamugulitsa galimoto ya bokosibode, yakale, yobiriwira, ya chimphuno. Fodya yense wa chaka chimenecho anathera pomwepo. Tinaitcha Njati chifukwa cha kulira kwake ndi ludzu lake. Ikadutsa, agalu a midzi itatu ankasiya kuuwa n'kuyamba kutsokomola.

Sitata ya Njati inafera kwa mmwenye komweko. Koma m'mapiri muno sitata n'zinthu za anthu a m'tauni. Aliyense wa galimoto amadziwa kachitidwe kake. Umaiimika pamtsetse, mphuno italoza kumunsi, n'kutsamiza mwala kutayala. M'mawa wachotsa mwala, anthu awiri akankha, waponda kilachi, wasiya, yadzuka. Nyumba ya Elifala inali pachitunda. Njira inkatsetsereka mpaka paulalo wa mitengo pamtsinje, kenako n'kukwera kukapeza msewu waukulu. Mtsetse umenewo unkapereka mwayi kamodzi kokha. Galimoto ikapanda kudzuka bwino isanawoloke ulalo, kaitaneni ng'ombe.

Tsono mkamwini akagula galimoto, wagulira mudzi. Njati inanyamula odwala, mabokosi a maliro, akwati, nkhumba, chimanga cha kuchigayo, ndi amayi opita kukavina kumisonkhano ya chipani. Masiku amenewo atcheyamani a chipani akamakupempha galimoto, ankapempha mwendo umodzi uli kale m'kati. Elifala ankachoka pakhomo sikisi koloko n'kukafika ku ofesi teni, atazungulira kuchipatala ndi kumanda. Abwana ake anamupatsa makalata awiri omuchenjeza, ndipo onse awiri anatayipa yekha, mopanda cholakwika ngakhale chimodzi.

Za Kezia sindiwonjezerapo kanthu. Ana ake awiri oyamba anabadwa akufa. Wachitatu, Iness, anachita kumutulutsa ndi mpeni kuchipatala cha pa Boma. Adokotala anamuuza Elifala pamaso kuti mimba ina ikadzabwera, mayiyu asadzayese n'komwe kuchirira kumudzi. Matenda akadzayamba adzakhale pafupi ndi chipatala, apo ayi chilonda chakale chija chidzang'ambika. Mu 1979 mimba ija inabwera. Anamwino a kusikelo anati mwezi womaliza akagone kuchidikiro, kanyumba ka pafupi ndi chipatala kamene amayi akutali amayembekezeramo tsiku lawo.

Elifala anandipeza ndikusoka fodya m'chigafa. Anakhala pachitsa, n'kukweza mathalauza kuti asakwinyike.

"Amalume, ndaganiza. Ndigule galimoto ina."

"Ina? Ukufuna thako lililonse likhale ndi yake?"

"Tamverani kaye. Kang'onong'ono, kosamwa mafuta, kongopitira kuntchito ine ndekha. Sindidzachedwanso. Njati izikhala pakhomo, pamtsetse, kudikira mayi a Iness. Alamu anga aIsake amatha kuyendetsa, anagwirapo thirakitala ku esiteti ku Kasungu. Matenda akayamba, kaya ndili pakhomo kaya ku ofesi, achotsa mwala, basi."

"Nanga kuchidikiro kuja ananena anamwino?"

"Kuchidikiro n'kwa anthu opanda galimoto, amalume. Mkazi wa kalaliki azikaphika pamafuwa obwereka mwezi wathunthu, galimoto ziwiri zili pakhomo?"

"Thirakitala ya aIsakeyo ndinamva kuti anaiyendetsa tsiku limodzi, n'kugwetsa nayo chimbudzi cha kapitawo, mwini wake ali m'kati."

"Inu amalume, chilichonse n'chibwana."

Ndinaseka, iye anaseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndinali nkhoswe. Ndikanauma khosi tsiku limenelo, mwina akanandimvera. Koma maganizowo, kunena zoona, ankamveka anzeru. ANambewe anawakonda kwambiri, poti mwezi womalizawo unkagwera nthawi yodzala. Kezia yekha ndiye anaumitsa nkhope.

"Galimoto ziwiri, thumba limodzi," anatero, n'kunyamula ndowa yake kupita kumadzi.

Yachiwiriyo anaigula kwa mphunzitsi wina wopuma ntchito ku Mvera. Kanali kagalimoto kotuwa, kakang'ono koti mutakasiya pafupi ndi khola mungakapeze thadzi litakafungatira. Sabata yoyamba Elifala ankafika ku ofesi mlonda asanatsegule, ndipo abwana ake anayamba kumukayikira kuti amagona pakhonde. Dzina lake tinakapatsa patatha mwezi, titaona kadyedwe kake. Tinakatcha Nankafumbwe, chifukwa kankadya Njati kuyambira m'kati monga amachitira ndi chimanga m'nkhokwe.

Poyamba linaphulika tayala. Latsopano kunalibe kolipeza pafupi, tsono Elifala anakachita kuwotcheretsa zitsulo kuti la Njati likwanepo, ndipo ku Njati anaikako lina losalala ngati mutu wangawu. Kenako batire. Labwino linapita kwa Nankafumbwe, lotopa n'kupita ku Njati.

"Pamtsetse idzuka," anatero Elifala.

Jeke anasamuka. Mpope unasamuka. Ngakhale hutala inasamuka, moti Njati ikafuna kuchenjeza anthu, aIsake ankachita kutulutsa mutu pawindo n'kukuwa. Kanthu kalikonse kankachoka ndi mawu akuti pakutha pa mwezi ndibwezeramo. Mudzi nawo sunachepetse mapempho. Kale ukakana ankati mwina galimoto yapita kuntchito. Tsopano ankangoloza. Muli nazo ziwiri, akamwini, ina mukusungira chiyani?

Mvula yoyamba itagwa, mafuta anasowa m'dziko lonse. Pomwetsera mafuta pa Boma galimoto zinkaima pamzere mpaka akangaude kumanga nyumba, kukwatira, ndi kubereka momwemo. Apa Elifala anachita chinthu cha mutu. Mafuta omaliza amene anapeza anawathira mu Njati, okwanira ulendo umodzi wa kuchipatala. Popeza geji inafa kalekale, ankayeza ndi kamtengo ka nsungwi koviika m'thanki. Anatema chizindikiro pamene mafutawo ankalekeza, n'kuitana aIsake, aNambewe ndi ine kuti tione. Tinawatcha mafuta a Kezia. Anakaniza maliro awiri ndi ukwati umodzi, anthu ena mpaka anasiya kumupatsa moni. Iye anatsitsa njinga yake yakale kudenga, n'kuyambanso kuinyamula paphewa. Nankafumbwe anangokhala pambali pa Njati, m'mimba muli pepuu. Masabata awiri amenewo ndinamulemekeza mphwanga.

Kenako kunamveka kuti Lachinayi kukubwera mlendo wamkulu wa chipani kuchokera ku Lilongwe. Abwana a Elifala anati aliyense akhale ali pabwalo la msonkhano seveni koloko, ndipo wosabwera asadzafotokoze kwa iwo, akafotokoze kwa eni ake mafunso. Masiku amenewo munthu ankapita kukafotokoza, banja lake n'kumudikira zaka. Lachitatu mvula inagwa tsiku lonse, njira ya njinga inasanduka phala. Madzulo ake atcheyamani a m'dera lathu anafika kudzanena kuti iwo ndi amayi awiri otsogolera gule akwera nawo Nankafumbwe. Anawonjeza kuti chifukwa cha mlendoyo, thanki ya mafuta ifika pa Boma tsiku lomwelo.

Zimene zinachitika m'mawa wa Lachinayi anandiuza Elifala mwini wake, patapita zaka zambiri. Kutangocha anagwada kuseri kwa Njati, kapayipi kali pakamwa, chigubu chili pansi. Polowa m'nyumba kukatenga jekete anapeza Kezia atakhala pamphasa, atatsamira khoma.

"Bambo a Iness, pakamwa panu pakununkha petulo."

"Ndatapako pang'ono chabe. Ndasiyamo okwanira."

"Okwanira kukafika pati?"

"Lero kukubwera thanki. Ikamakwana thwelofu ndili pano ndi zigubu ziwiri, ndithira mpaka kusefukira."

"Nditengeni lero lomwe, mukandisiye kuchidikiro. Msana wandivuta kuyambira dzulo."

Elifala anasuzumira panja. Atcheyamani anali atakhala kale kutsogolo, chipewa chili pamaondo. Amayi awiri aja anali kumbuyo, aliyense atafukata chigubu chopanda kanthu.

"Mawa, mayi. Mawa m'mawa ndikutengani nokha, ngati akazi a bwanamkubwa."

"Mwawauza achimwene?"

"Ndiwauza."

Sanawauze. Anandiuza kuti aIsake anali pakhonde pawo akutsuka m'kamwa, ndipo anangowakwezera dzanja n'kudutsa. Munthu amene wakaniza maliro awiri anganene bwanji kuti mafuta aja wamwetsa atcheyamani?

Matenda anayamba cha m'ma naini. Ine ndinali m'munda mwanga tsidya lino, ndipo nditamva aNambewe akukuwa ndinataya khasu n'kuthamanga. Ndinapeza atamugoneka kale Kezia pamatiresi kumbuyo kwa Njati, amayi ake atamugwira mutu. AIsake anali pachiwongolero, atavala ndi jekete lomwe, poti tsiku lawo linali litafika. Palibe amene anaganiza zoviika kamtengo kaja. Midzi itatu yonse inkadziwa za mafuta a Kezia. Ndinachotsa mwala ndi dzanja langali, tinakankha, Njati inatsetsereka, inanjenjemera, n'kubangula. Amayi anaimba nthungululu.

Ikukwera paulalo inatsokomola kawiri n'kukhala chete. AIsake anaponda buleki. Tayala losalala lija linaterereka pamitengo yonyowa n'kulowa pampata, galimoto yonse n'kukhala pansi ndi mimba, pakati penipeni pa ulalo.

AIsake anatsika, anatsegula thanki, anaviika kamtengo. Potuluka kanali konyowa kunsonga kokha, pamalo osakwana chikhadabo. Anakakweza m'mwamba kuti tonse tione. Kenako aIsake anayamba kutchula mphwanga maina amene sindingawalembe.

"Achimwene, musawatukwane," anatero Kezia ali chigonere. "Anati abwera thwelofu."

Ngolo inalipo m'mudzimo, ng'ombe zinalipo, koma zonse zinali kumbuyo kwa Njati, ndipo ulalo unali umodzi. Mtsinje unali utadzaza mpaka m'khosi chifukwa cha mvula ya dzulo lake. Kutsidya kwathu ngolo yokhayo inali itapita kumsonkhano ndi amayi ovina. Tinayesa kunyamula galimotoyo ndi mitengo. Amuna khumi ndi awiri, ena akutukula, ena akukoka, aliyense akulamula mnzake. Tinataya ola lathunthu pamenepo, chifukwa mitu yathu inali ikadali pa galimoto. Anali aNambewe amene anatikalipira kuti tisiye chitsulocho, tikazule chitseko.

Tinamugoneka Kezia pachitseko cha nyumba yake yomwe. Tinamuwolotsa pamtengo umodzi umene unatsala m'mbali mwa Njati, tikupatsirana ngati dengu la mazira, madzi akulira pansi pathu. Tinakwera chitunda n'kufika pamsewu waukulu. Msewu umene masiku onse unkadutsa malole ndi basi unali zii. Galimoto iliyonse imene inali ndi kadontho ka mafuta m'boma lonse la Dowa inali kumsonkhano. Tinauyamba wapansi, amuna asanu ndi mmodzi mosinthana, aNambewe akuyenda m'mbali atagwira chitenje kuti dzuwa lisamuwombe mwana wawo kumaso. Mapiri aja ndimawaseka aja, tsiku limenelo ndinawawerenga ndi mapewa. Cha m'ma wani Kezia anasiya kubuula. Magazi anayamba kudontha kuchitseko, kutsikira m'mikono mwathu.

Elifala anatipeza itadutsa fili koloko, pamtengo wa mango umene uli pamphambano. Mlendo uja anachedwa kufika, ndipo palibe amene akanayerekeza kudzuka iye asanamalize kulankhula. Thanki inabweradi. Tinamva Nankafumbwe akubwera, hutala ya Njati ikulira, amayi aja akuimba m'kati. Ataona chitseko chake chomwe chili pamapewa pathu, anaimika galimoto pakati pamsewu n'kutuluka osatseka. Atcheyamani anatsika okha, osauzidwa, chipewa chili m'manja, amayi aja n'kutsatira. Zigubu tinazitsitsira m'mbali mwa msewu.

Tikumulowetsa kumpando wakumbuyo, Kezia anatsegula maso.

"Mwapeza?"

"Ndapeza, mayi. Zigubu ziwiri. Zodzaza."

"Mukabwezeremo."

Anatsirizika pamiyendo pa amayi ake, denga la chipatala likuoneka. Mwanayo, wamwamuna, sanapume mpweya wa dziko lino.

M'mawa mwake ng'ombe zinayi zinakoka Njati kuichotsa paulalo n'kuikwezanso pachitunda. Ndipo mafuta anapezeka. M'dziko limene munalibe mafuta, pa maliro a Kezia anachita kusefukira. Abwana a ku ofesi anatumiza chigubu. Atcheyamani anabwera ndi galoni. Mwini chigayo anapereka, mphunzitsi wa ku Mvera uja anapereka, ngakhale aja anasiya kupereka moni aja anafika ndi mabotolo amene ankabisa pansi pa bedi. Wina anabwereketsa tayala labwino. Batire linabwerera kwawo. Njati inadzuka pakukankha koyamba, inawoloka ulalo ngati yatsopano, n'kupita pa Boma kukatenga thupi. AIsake anayendetsa bwino kwambiri, sanagunde ngakhale nkhuku.

Atameta maliro, akuchikazi anatiitana ankhoswe n'kumusudzula Elifala, monga mwa mwambo wake mkamwini akaferedwa. Sanamunene mawu oipa. ANambewe anangoti munda ulipo woulima, mwana ndi wa kuno, bambowa apite akaone zina. Iness anatsala ndi agogo ake. Elifala ananyamula sutikesi ndi njinga. Ku ofesi anamupatsa nyumba ija ankaifuna zaka khumi zapitazo. Inali pafupi ndi ntchito moti akayetsemula pakhomo, mapepala ankauluka patebulo lake.

Nankafumbwe anamupereka kwa makaniko wina, osafunsa n'komwe kuti amuchita chiyani. Njati inatsala pamtsetse pomwe paja, mwala uli kutayala. AIsake anakana kuikhudzanso. Matayala anaphwa, nkhuku zinalowamo, ndipo pabokosi pake aNambewe ankayanikapo mphale.

Elifala anagwirabe ntchito zaka zina khumi ndi zinayi. Sanachedwenso ngakhale tsiku limodzi, ndipo sanakwatirenso. Chiwongolero sanachigwirenso. Akalaliki achinyamata akabwera kudzamufunsa nzeru, poti anamva kuti mdalayu anakhalapo ndi galimoto ziwiri nthawi imene a DC omwe anali ndi imodzi, iye ankangopitiriza kutayipa. Mutu uja unakhalabe waukulu, koma thupi linauma mpaka tayi inkaoneka ngati ndiyo yamugwirizira kuti asagwe.

Loweruka lililonse ankapita kukaona Iness, wapansi, atanyamula shuga ndi sopo m'kathumba. Ankadzera kwathu, tinkawolokera limodzi. M'njira ndinkamuseka za miyendo yake, za tayi yake ya Loweruka, za akazi amasiye a pa Boma amene ndinkamuuza kuti akumenyana ndi mithiko chifukwa cha iye. Nthawi zina ankamwetulira. Koma tikakwera chitunda, asanapereke moni kwa wina aliyense, ankayamba wapita ku Njati. Kamtengo ka nsungwi kaja kankakhala kuseri kwa mpando. Ankatsegula thanki, kuviika, kukakweza kudzuwa, n'kuyang'ana pachizindikiro chija.

Tsiku lina ndinalephera kudzigwira.

"Mphwanga, ukuganiza kuti nkhukuzi zimaikira petulo?"

Anapukuta kamtengoko ndi hanki yake, ngakhale kanali kouma, anakabwezera kuseri kwa mpando, n'kutseka thanki mpaka kulimba. Kenako anagwedeza mwala uja ndi phazi kuti aone ngati wagwira, n'kupita kukagwada patali ndi khonde la apongozi ake.